Kodi Chiphunzitso cha Mpingo Amakhazikitsa Ndani?

Lamulungu m'mawa ku Kawale, Biwi ndi Mgona mumzinda wa Lilongwe zimkuzamawu zimamveka mbali zonse, mlaliki aliyense akuti choona ndi chake. Koma m'mipingo yakale chiphunzitso sachipanga munthu mmodzi ali pagome. Chimadutsa m'mabwalo, ndipo mkhristu aliyense ayenera kuwadziwa mabwalowo.

Mwambowu unayamba ndi atumwi. Kutabuka mkangano woti kaya anthu a mitundu ina adulidwe asanalowe mumpingo, atumwi ndi akulu anakhalirana pansi ku Yerusalemu, namva mbali zonse, kenako n'kulembera mipingo kalata. Nkhaniyi ili pa Machitidwe 15.

Patapita zaka, wansembe wina wa ku Alexandria, Arius, anayamba kuphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu anachita kulengedwa. Mipingo itagawikana, mfumu Constantine inaitanitsa maepiskopi ku Nicaea mu 325. Iwo anagamula kuti Mwana sanalengedwe, ndi Mulungu monga Atate. Mkanganowo sunathere pomwepo: Athanasius, episkopi wa ku Alexandria amene anaumirira chigamulocho, anapirikitsidwa pampando kasanu. Msonkhano wa ku Constantinople mu 381 unatsindika za Mzimu Woyera, ndipo wa ku Chalcedon mu 451 unati Yesu ndi Mulungu weniweni komanso munthu weniweni. Chikhulupiriro cha Nicaea chimene Akatolika amanena pa Misa chinachokera m'misonkhano iwiri yoyambayo.

Nanga lero funso limayenda bwanji? Mu CCAP Sinodi ya Nkhoma, mkhristu amene wamva chiphunzitso chokayikitsa amayamba wauza mkulu wa mpingo wa dera lake. Mkuluyo amatula nkhaniyo ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo lomwe wapampando wake ndi abusa. Ikakula imapita ku Presbytery, kenako ku Sinodi. Poweruza amayang'ana Baibulo, Katekisma ndi buku la Zolamulira. Abusa nawonso ali pansi pa mabwalo omwewa.

Kwa Akatolika, kaya ku Don Bosco ku Area 23 kapena ku St Francis ku Area 25, poyambira ndi kumphakati. Miphakati inazika mizu mu dayosizi ya Lilongwe kudzera mu sinodi imene Episkopi Patrick Kalilombe anachititsa kuyambira 1973 mpaka 1975. Kuchoka kumphakati funso limafika kwa akatekisi, bambo mfumu, mpaka kwa Arkiepiskopi. Mphakati umakambirana ndi kuphunzitsana, koma udindo wogamula za chiphunzitso ndi wa maepiskopi pamodzi ndi Papa.

Choncho wina akabwera ndi vumbulutso latsopano, mufunseni zinthu zitatu: kodi likugwirizana ndi Malemba, ndi bwalo liti laliunika, ndipo iyeyo akalakwa amamudzudzula ndani? Mutu umodzi susenza denga. Mlaliki amene alibe womufunsa, ngakhale atalankhula mokoma chotani, n'ngofunika kusamala naye.