KUMANGA BOLODI M'BOKOSI LA CHITSULO

Mukayenda mumsika wa Limbe, wa Blantyre kapena wa Ndirande mudzapeza amisiri okonza mawailesi. Ena amapanga okha maampulifaya a m'matchalitchi ndi a paukwati. Mkati mwa zipangizo zimenezi muli kathabwa kopyapyala kotchedwa bolodi. Pamwamba pake pali tizitsulo tambiri. Kunsi kwake kuli tinjira ta kopa tomwe magetsi amadutsamo.

Bolodi imafuna nyumba. Bokosi la malata n'labwino chifukwa n'lolimba, ndipo amisiri okhoma zidebe ndi mbaula ku Ndirande angathe kukupindirani. Koma chitsulo chimadutsa magetsi. Kunsi kwa bolodi kukakhudza bokosi pamachitika shoti. Bolodi imapsa, ndalama zanu zapita. Choopsa kwambiri n'chakuti magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230. Akalowa m'bokosi angathe kupha munthu woligwira.

Tsono tichite bwanji kuti ntchitoyi isatipweteke mutu?

1. Yambani ndi pepala

Amisiri ambiri amakwiya chifukwa mabowo a bokosi sakugwirizana ndi mabowo a bolodi. Vuto n'kuboola mongoyerekeza ndi maso. Inu musatero. Ikani bolodi papepala. Lembani m'mbali mwake ndi pensulo, ndipo muike kadontho pabowo lililonse. Kenaka matani pepalalo m'bokosi pamalo pamene bolodi idzakhale.

Musanaboole, ikani zonse m'bokosi mongoyesa: thiransifoma, switchi ndi zopotokola za voliyumu. Vundikirani chivundikiro. Kodi chikutsekeka? Kodi dzanja lanu lingalowe kukamanga nati? Ngati silingalowe, sunthani pepala. Kusuntha pepala n'kosavuta, koma bowo silisunthika. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

2. Boolani bwino

Chotsani bolodi muiike patali. Tengani msomali ndi hamala, mukhome pang'ono pakadontho kalikonse. Kadzenje kameneka kamagwira choboolera kuti chisaterereke. Ikani thabwa kunsi kuti lata lisapindike.

Mabolodi ambiri amamangidwa ndi timabauti ta mamilimita 3. Bowo la pabokosi likhale la mamilimita 3.5. Likakulirapo chonchi bauti imapeza mpata wosunthira, ndipo imalowa ngakhale mwaphonya pang'ono.

Mukatha, palani m'mphepete mwa mabowo ndi tupa. Gwedezani bokosi, mulipukute ndi kansalu. Kanyenyeswa kamodzi kachitsulo kakagwera pabolodi n'kokwanira kuchititsa shoti.

3. Ipatseni miyendo

Bolodi isagone pachitsulo. Iime pa miyendo inayi. Lowetsani bauti kuchokera kunja kwa bokosi, mumange nati mkati molimba. Tsopano bautiyo yaima yokha ngati mzati. Dulani chubu cha bolopeni yakutha, kutalika sentimita imodzi, muveke pabauti iliyonse. Tizidutswa tonse tikhale tofanana. Ikani bolodi pamwamba, muike washa wa pulasitiki, kenaka nati yachiwiri.

Ubwino wa njirayi ndi uwu: tsiku lokonza mudzangomasula manati anayi a pamwamba. Mabauti sadzagwa, ndipo simudzavutika kugwira kunja ndi mkati nthawi imodzi.

Pomanga, yambani mwalowetsa manati onse anayi mosalimbitsa. Kenaka limbitsani pang'onopang'ono, iyi kenaka ya kutsidya kwake. Musakakamize. Bolodi ikapindika, tinjira ta kopa timaduka, ndipo malo odukawo savuta n'komwe kuwasowa.

Pansi pa bolodi yalani kapulasitiki kolimba, monga kodula ku chigubu. Dulaninso timiyendo tatitali totulukira kunsi kwa bolodi.

4. Samalani mawaya

Mphepete mwa lata ndi mpeni. Waya akamakhuzika pabowo, chikopa chake chimadyeka. Vekani labala pabowo lililonse podutsa waya. Kachidutswa ka paipi ya labala kangathandize. Mangani wayayo mkati kuti munthu akakoka asazuke pabolodi. Siyaninso mawaya atalikirepo pang'ono kuti muzitha kunyamula bolodi osadula kanthu.

Chingwe cha pulagi ya mano atatu chili ndi mawaya atatu. Wabulauni ndiye wamoto, ndipo adutse pa fiyuzi ndi switchi. Wabuluu ndi wobwerera. Wa mizere yobiriwira ndi yachikasu ndi waya wa pansi. M'zingwe zakale wamoto ndi wofiira, wobwerera ndi wakuda, wa pansi ndi wobiriwira.

Waya wa pansi amangidwe kubokosi ndi bauti yakeyake. Palani penti ndi dzimbiri pamalopo mpaka chitsulo chiwale. Waya wamoto akadzakhudza bokosi, magetsi adzathawira m'waya ameneyu, fiyuzi idzapsa, munthu n'kupulumuka.

5. Kutentha

Ampulifaya imatentha ikamagwira ntchito. Mathiranzisita akuluakulu amamangidwa pachitsulo kuti azizizira. Koma chenjerani: thupi la ena, monga 2N3055, limakhala ndi magetsi. Pakati pa thiranzisita yotere ndi chitsulo pakhale kapepala kopyapyala kotchedwa maika, ndipo mabauti ake avale timawasha ta pulasitiki.

Boolani timabowo ta mpweya m'munsi ndi m'mwamba mwa mbali za bokosi. Matanipo sefa mkati, chifukwa mphemvu zimakonda malo ofunda. Pakaninso penti, poti chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni chimachititsa dzimbiri.

6. Yesani musanayatse

Tengani mita yoyezera. Yezani pakati pa bokosi ndi dzino lalitali la pulagi: magetsi azidutsa. Yezani pakati pa bokosi ndi mano awiri enawo: asadutse konse. Ngati mukuphunzira kumene, yambani ndi zipangizo za batire ya mavoti 12. Za mavoti 230 aone kaye mmisiri wodziwa zamagetsi.

Kumbukirani: zulani pulagi musanatsegule bokosi. Makapasita akuluakulu amasungabe magetsi ngakhale mwazimitsa, choncho ayezeni musanagwire.

MAFUNSO

1. N'chifukwa chiyani tiyenera kuyamba ndi pepala?
2. Kodi chubu cha bolopeni chimagwira ntchito yanji?
3. Kodi waya wa pansi ndi wa mtundu wanji, ndipo timammanga pati?