CHAKA CHA 751: MAFUMU A DZINA NDI MAFUMU A MPHAMVU

Ana a sukulu pophunzira mbiri ya kale kawirikawiri amatsata dziko limodzi kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza, ndipo saona zimene zinalikuchitika kumaiko ena nthawi yomweyo. Nkhani ino yatenga chaka chimodzi chokha, ndicho cha 751, zaka zoposa 1,270 zapitazo, kuti owerenga aone zimene zinachitika ku France, ku Italy ndi kumalire a China. Maikowa ngotalikirana ndithu, koma mlandu umene unaweruzidwa chaka chimenecho unali umodzi, ndipo ngwodziwika m'mudzi uli wonse: kodi mwini dziko ndani, amene ali ndi dzina la ufumu kapena amene ali ndi mphamvu yosunga anthu?

Mfumu imetedwa tsitsi

Dziko limene lero litchedwa France, pamodzi ndi mbali ina ya Germany, linali m'manja mwa mtundu wa Afranki. Mafumu ao anali ochokera m'banja la Clovis, mfumu yamphamvu imene inamwalira m'chaka cha 511. Chizindikiro cha banjali chinali tsitsi lalitali. Mfumu siinkameta iai, ndipo mwana wa mfumu akametedwa anthu ankadziwa kuti ameneyo sangakhalenso pa mpando.

Popita kwa zaka mafumuwa anafooka. Nchito yosonkhanitsa ankhondo, yogawa minda ndi yoweruza mirandu ikuruikuru inagwera nduna yaikuru ya kunyumba ya mfumu. M'chaka cha 751 nduna imeneyi inali Pepin, mwana wa Charles Martel. Mfumu inali Childeric III, imene inaikidwa pa mpando m'chaka cha 743 ndi Pepin yemweyo pamodzi ndi mbale wache. Childeric anali ndi dzina ndi tsitsi, koma analibe asilikari.

Pepin akadatha kungomchotsa, komatu anaopa kuti akuruakuru a dziko adzati walanda ufumu wa eni. Tsono anatuma amithenga awiri, Bishopu Burchard wa ku Würzburg ndi wansembe Fulrad, kwa Papa Zacharias ku Roma, kukafunsa ngati nkwabwino kuti munthu wopanda mphamvu azitchedwa mfumu. Mabuku a Afranki amati Papa anayankha kuti nkoyenera dzina la ufumu likhale ndi munthu amene ali ndi mphamvu yache. Chakumapeto kwa chakacho akuruakuru anasonkhana mu mzinda wa Soissons nasankha Pepin, ndipo anadzozedwa mafuta opatulika monga mafumu a m'Chipangano Chakale. Childeric anamumeta namutsekera m'nyumba ya amonke. Motero banja limene linalamulira zaka zoposa 250 linatha popanda nkhondo.

Mzinda wa Ravenna ugwa

Papa anali nacho chifukwa chache chofunira bwenzi lamphamvu, pakuti ku Italy zinthu zinali zitaipa. Mwa dzina, Roma ndi midzi ina yambiri inali pansi pa mfumu yaikuru ya Aroma imene inkakhala kutali kum'mawa, ku Constantinople, mzinda umene lero ndiwo Istanbul. Kazembe wa mfumuyo ankakhala ku Ravenna, mzinda wozingidwa ndi madambo pafupi ndi nyanja ya Adriatic, umene unali m'manja mwa mafumu a ku Constantinople kuyambira m'chaka cha 540.

Koma mbali yaikuru ya Italy inali ya mtundu wina, Alombardi, ndipo mfumu yao Aistulf, imene inalowa ufumu m'chaka cha 749, inafuna dziko lonse. M'chaka cha 751 Aistulf analanda Ravenna, ndipo ukazembe wa kumeneko unathera pomwepo. Mfumu ya ku Constantinople, Constantine V, inali ndi maso ku malire a kum'mawa kumene inalikumenyana ndi Aluya, ndipo siinatumize ankhondo okaombola mzindawo.

Anthu a ku Roma anaona kuti mfumu yao njakutali ndipo mdani ali pakhomo. Papa wotsatira, Stephen II, anaoloka mapiri a Alps napita yekha kwa Pepin kukapempha thandizo, ndipo m'chaka cha 754 anamdzozanso mafuta pamodzi ndi ana ache awiri. Pepin anatsikira ku Italy ndi ankhondo kawiri. M'chaka cha 756, atagonjetsa Aistulf, anapereka Ravenna ndi midzi yozungulira kwa Papa, osati kwa mfumu ya ku Constantinople imene inali mwini wache wakale. Kuyambira pamenepo Apapa anakhala ndi dziko laolao pakati pa Italy mpaka chaka cha 1870.

Nkhondo ya pa mtsinje wa Talas

Pamene izi zinalikuchitika ku Ulaya, maufumu awiri akuru koposa anakomana pakati pa Asia. Wina unali ufumu wa China, pansi pa banja la Tang, ndipo mfumu yache Xuanzong inkakhala ku Chang'an, kumene lero kuli mzinda wa Xi'an. Wina unali ufumu wa Asilamu, umene m'chaka cha 750 unali utangolowa m'manja mwa banja latsopano la Abbas, ndipo mtsogoleri wache anali Kalifa al-Saffah. Pakati pa maufumu awiriwa panali timaiko ting'onoting'ono tolemera ndi malonda, chifukwa njira ya amalonda a nsalu za silika inkadzera pomwepo. Ena mwa mafumu a timaikoti ankapereka msonkho ku China.

Mkuru wa ankhondo a China kumadzulo anali Gao Xianzhi, munthu wochokera ku mtundu wa ku Korea, wodziwa kuyendetsa asilikari m'mapiri. M'chaka cha 750 iye anapita ku Tashkent, napangana za mtendere ndi mfumu ya kumeneko, koma pambuyo pache anaigwira, nafunkha chuma cha mzindawo, naitumiza ku China kumene inakaphedwa. Paja akuru amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mwana wa mfumu yophedwayo anathawa, nayenda m'mizinda yoyandikana kufotokoza chinyengo cha Gao, napempha thandizo kwa Aluya.

M'mwezi wa July 751 magulu awiriwa anakomana pa mtsinje wa Talas, pafupi ndi malire a maiko amene lero ndiwo Kazakhstan ndi Kyrgyzstan, mtunda woposa mailosi 2,000 kuchokera ku Chang'an. Wotsogolera Aluya anali Ziyad ibn Salih. Buku lina la mbiri ya China limati Gao anali ndi ankhondo 30,000, koma si onse anali a ku China. Pakati pao panali Akarluk, mtundu wa okwera pa akavalo wa m'dera lomwelo. Anamenyana masiku 5, ndipo pomaliza Akarluk anatembenuka nakantha anzao a ku China. Gao anapulumuka ndi anthu zikwi zowerengeka chabe.

Chaka chomwecho ankhondo ena a China anagonjetsedwanso kawiri. Kumwera anagonja kwa ufumu wa Nanzhao, m'chigawo cha Yunnan, ndipo kumpoto kazembe wina, An Lushan, anathamangitsidwa ndi mtundu wa Khitan. Ku Chang'an mfumu inali yokalamba, ndipo nchito zambiri inazisiya m'manja mwa nduna ndi akazembe a kumalire, amene asilikari ankawamvera koposa mfumu. Ulemerero wa China unali chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. M'chaka cha 755 An Lushan yemweyo anaukira mfumu yache, ndipo chaka chotsatira Xuanzong anathawa mu mzinda wache. Asilikari a kumadzulo anaitanidwa kudzathandiza kwao, ndipo chimenechi, koposa nkhondo ya pa Talas, ndicho chinathetsa mphamvu ya banja la Tang pakati pa Asia.

Akaidi a nkhondoyo

Mmodzi wa ogwidwa pa Talas anali Du Huan. Anamutengera ku Iraq, kumene anapeza amisiri a kwao oomba nsalu ndi ojambula zithunzi. Anayenda m'maiko ambiri, nabwerera ku China pa ngalawa ya amalonda m'chaka cha 762, nalemba zimene anaona. Mwa maikowo anatchula lina la anthu akuda, dzina lache Molin, limene ophunzira ambiri amati linali mu Africa.

Palinso mbiri yoti akaidi ena a pa Talas ndiwo anaphunzitsa anthu a ku Samarkand kupanga mapepala. Ofukula zakale anapeza makalata a pa pepala m'dera lomwelo olembedwa nkhondoyo isanachitike, kotero pepala linafikako kale ndi amalonda. Koma nzoona kuti m'zaka zotsatira Samarkand anamveka ndi mapepala ache, ndipo luso limeneli linafika ku Baghdad, kenaka ku Egypt, ku Spain ndi ku Ulaya konse. Kale anthu a kumadzulo ankalemba pa zikopa ndi pa gumbwa, zinthu zobvuta kupeza, ndipo buku linali chuma cha olemera okha.

Ana obadwa chaka chimenecho

Pa 28 June 751, miyezi yowerengeka Pepin asanalongedwe ufumu, mkazi wache Bertrada anabala mwana wamwamuna, dzina lache Carloman. Mwanayu anadzozedwa mafuta ndi Papa ali ndi zaka 3. Atate ache atamwalira m'chaka cha 768, dziko linagawidwa pakati pa iye ndi mkuru wache Charles, koma atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo abalewa sanamvane. Carloman anamwalira mu December 771 ali ndi zaka 20. Akuruakuru a chigawo chache anapita kwa Charles, ndipo mkazi wamasiye anathawira kwa Alombardi ndi ana ache ang'ono. Charles anagonjetsa Alombardi m'chaka cha 774, ndipo pa tsiku la Khirisimasi m'chaka cha 800 Papa Leo III anambveka chisoti cha mfumu yaikuru ku Roma. Ameneyu ndiye Charlemagne wa m'mabuku a sukulu. Ana a Carloman anali nawo ufulu wolowa m'malo mwa atate ao, koma analibe mphamvu, monga momwe zinamchitikira Childeric.

Ku China, m'chigawo chimene lero ndicho Zhejiang, kunabadwa Meng Jiao. Nkhondo ya An Lushan inayamba iye ali ndi zaka 4, ndipo anakulira m'dziko losauka ndi losokonezeka. Analephera kawiri mayeso olowera nchito ya Boma, nakhoza m'chaka cha 796 ali munthu wamkuru kale. Anapatsidwa udindo waung'ono, nakhala waumphawi mpaka imfa yache m'chaka cha 814. Anasiya ndakatulo pafupifupi 500, ndipo imodzi ya izo, yonena za mai wosoka malaya a mwana wache wopita ulendo wautali, ana a sukulu a ku China amailoweza pamtima mpaka lero.

Chimene chakachi chiphunzitsa

Childeric, Constantine ndi Xuanzong onse anali ndi maina olemekezeka, ndipo onse anataya kanthu m'chaka cha 751 chifukwa nchito yosunga anthu inali itachoka m'manja mwao. Childeric anaisiyira nduna, Constantine anali kutali ndi anthu ache a ku Italy, ndipo Xuanzong anaipereka kwa akazembe amene iye sankawayang'anira. Komanso mphamvu yokha siinakwanire. Pepin, ngakhale anali ndi asilikari onse, anayamba wafuna chibvomerezo cha Papa ndi cha akuruakuru a dziko, ndipo banja lache linakhazikika. Gao Xianzhi anadalira mikondo naswa pangano ku Tashkent, ndipo pa tsiku la nkhondo anzache anamsiya.

Aphunzitsi amene ali ndi mapu a dziko lonse m'sukulu zao angachite bwino kuonetsa ana malo a Soissons, Ravenna, Istanbul, Tashkent ndi Xi'an, kuti anawo ayese okha kutalika kwa mitunda imene amithenga, ankhondo ndi akaidi a chaka chimenecho anayenda pansi, pa akavalo ndi pa ngamila.