Kuzizira sikuletsa zinkhwe zachilendo kuswana

Anthu a ku Tsangano ndi ku Lizulu m'boma la Ntcheu amaidziwa bwino mphepo ya mu June ndi July, moti ambiri angaganize kuti mbalame ya kumaiko otentha singakhalitse kumeneko. Koma mbiri ya mtundu wina wa zinkhwe zobiriwira, za mlomo wofiira ndi mchira wautali, zomwe pa Chingerezi amati rose-ringed parakeet, ikusonyeza kuti chisanu si mpanda.

Kwawo kwa mbalamezi ndi ku India, Pakistan komanso chigawo cha Africa choyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia. Amalonda adazitengera ku Ulaya kuti anthu aziweta m'zikwere. Zina zidathawa, pomwe zina eni ake adazimasula dala. Ku England zidayamba kuswana kutchire cha m'ma 1969, ndipo lero zikuuluka m'magulu mumzinda wa London. Ku South Africa zidakhazikika ku Durban ndi ku Johannesburg, komwe kumachita chisanu m'miyezi yozizira.

Zimapirira bwanji? Zambiri mwa zomwe zidapita ku Ulaya makolo ake ndi a kumpoto kwa India ndi Pakistan, kufupi ndi mapiri a Himalaya, komwe kumazizira ndithu. Chinanso, m'mizinda mumafundirako kusiyana ndi kumidzi, ndipo anthu amaziikira chakudya pakhomo. Zisa zake zimakhala m'mphako za mitengo momwe mphepo simafika.

Vuto lagona pa kadyedwe kake. Ku India alimi amalira nazo chifukwa zimasakaza chimanga, mpendadzuwa ndi zipatso. Zimalandanso mphako zomwe mbalame zina zimaswera. N'chifukwa chake ku South Africa munthu safunika kuziweta popanda chilolezo, pomwe dziko la Seychelles lidachita kuzipha zonse pachilumba cha Mahé.

Boma la Ntcheu lili pamsewu wa M1 komanso m'malire ndi Mozambique, ndipo alimi ake amadalira chimanga ndi zipatso monga mapichesi. Zinkhwe zochepa chabe zobwera ndi apaulendo zitathawa, minda yotereyi ingazipatse chakudya chokwanira kuti ziswane. Zitafalikira, zingalimbiranenso mphako ndi zinkhwe zathu, monga tizinkhwe ta Lilian's lovebird tomwe timaswera m'mitengo ya tsanya ku Liwonde.

Malamulo a dziko lino amafuna kuti wolowetsa nyama kapena mbalame yakutchire akhale ndi chilolezo chochokera kunthambi yoona za nyama zakutchire. Kuletsa mbalamezi pachipata n'kosavuta kusiyana ndi kuzisaka zitadzaza m'mitengo.