Mankhwala a m'chakudya cha nkhuku angathe kuwononga mtima wa chiweto

Mabanja ambiri a ku Chilenje, Kabwata ndi Libala amaweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba, ndipo zitosi zake amazigulitsa kapena kuzitumiza ku mafamu a kunja kwa mzinda. Kawirikawiri chakudya chogula cha nkhukuzi chimakhala ndi mankhwala oteteza ku kokisidiyosisi, nthenda ya m'matumbo imene imachititsa anapiye kutulutsa zitosi za magazi. Odziwika kwambiri ndi monensin, salinomycin, narasin ndi maduramicin. Pa muyezo woyenera amapulumutsa nkhuku zochuluka, koma akapyola muyezo, kapena akadyedwa ndi chiweto cha mtundu wina, amawononga minofu, kuphatikizapo ya mtima. Tikufuna kuti alimi athu amvetse mmene zimenezi zimachitikira.

Mtima ndi mnofu wopangidwa ndi maselo osawerengeka. M'kati mwa selo lililonse muli mapuloteni ogwira ntchito zosiyanasiyana. Awiri otchedwa actin ndi myosin amakokana kuti mtima ufinyike ndi kupopa magazi, pamene lina lotchedwa troponin limalamulira nthawi yokoka ndi yomasuka. Kuti izi ziyende bwino, selo limasunga mosamala kuchuluka kwa sodiyamu, potaziyamu ndi kashiyamu. Mankhwala tatchulawa amanyamula michere yotereyi ndi kuidutsitsa pakhungu la selo popanda malire. Umu ndi mmene amaphera tizilombo ta kokisidiyosisi, komanso ndi mmene amapwetekera mtima akachuluka m'magazi.

Kashiyamu akasefukira m'selo, timagawo take topanga mphamvu timatupa ndi kufooka. Selo lovutikalo limasintha mapuloteni amene limapanga: limachulukitsa oteteza ndi okonza zowonongeka. Poizoni akapitirira, mapuloteni okoka aja amaduka, khungu la selo limabooka, ndipo troponin amatayikira m'magazi. N'chifukwa chake madokotala a ziweto angathe kuyeza troponin m'magazi kuti adziwe ngati mtima wavulala. Maselo a mtima akafa saphukanso. M'malo mwake thupi limayala puloteni lolimba lotchedwa collagen, ndilo chipsera, ndipo chipsera sichipopa magazi. Motero ng'ombe ingaoneke ngati yachira, koma patapita masabata iyamba kupuma movutika, kutupa pachifuwa ndi kunsi kwa chibwano, kenaka n'kugwa mwadzidzidzi poithamangitsa kapena pokoka ngolo.

Ziweto sizipirira mofanana. Muyezo wa monensin wopha theka la mahatchi oudya ndi mamiligalamu 2 mpaka 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pamene kwa nkhuku ndi pafupifupi 200. Agalu nawo sapirira, ndipo salinomycin amapha nkhukundembo pa muyezo umene nkhuku imadya bwinobwino. Ku South Africa, akatswiri a ku Onderstepoort, pafupi ndi Pretoria, anafotokoza mu 1991 za ng'ombe ndi nkhosa zimene zinafa ndi nthenda ya mtima zitadyetsedwa zitosi za nkhuku zoleredwa ndi chakudya chokhala ndi maduramicin. Kuno kwathunso udzu umasowa m'chilimwe, ndipo mlimi angakopeke kuchita zomwezo.

Ngozi ina ili m'khola la nkhuku momwemo. Nkhuku zikayamba kukhosomola, ena amagula tiamulin ndi kuthira m'madzi akumwa. Tiamulin amalepheretsa chiwindi kuphwanya monensin, salinomycin ndi narasin, choncho mankhwalawa amaunjikana m'thupi ngakhale chakudya chili ndi muyezo woyenera. Nkhuku zimaleka kudya, miyendo imafooka, zimagona pansi, zina n'kufa. Malangizo a opanga tiamulin amaletsa kupereka mankhwala atatuwa pa masiku 7 tiamulin asanaperekedwe, pa nthawi yopereka, ndi pa masiku 7 otsatira.

Popeza palibe mankhwala othetsa poizoniyu akalowa m'thupi, chitetezo chili m'manja mwa mlimi. Tiwerenge chipepala cha pathumba la chakudya ndi kuchisunga mpaka nkhuku zitagulitsidwa. Tisanagule mankhwala alionse, timuuze wogulitsa kapena mlangizi wa ziweto dzina la mankhwala amene ali kale m'chakudyacho, ndipo tigule okhawo ovomerezedwa ndi bungwe la ZAMRA. Chakudya cha nkhuku za nyama chisaperekedwe kwa mahatchi, abulu, agalu kapena nkhukundembo. Zitosi zipite kudimba ngati manyowa, osati m'chodyera cha ng'ombe. Osakaniza okha chakudya ayeze pasikelo ndi kusakaniza mokwanira, pakuti mbali imodzi ya thumba ingathe kutenga mankhwala onse.

Ziweto zikayamba kufooka kapena kufa titangosintha chakudya, tichichotse tsiku lomwelo, tisungeko pang'ono m'thumba louma, ndipo tiitane dokotala wa ziweto. Sukulu ya udokotala wa ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia ndi malo ofufuzira matenda a ziweto ku Balmoral, m'boma la Chilanga, ndi kumene nyama yakufa ingapimidwe. Chiweto chimene chapulumuka chisagwiritsidwe ntchito yolemetsa kufikira dokotala atachiona. Mulungu anatiikiza ziwetozi kuti tizisamalire, ndipo mbali ya udindo umenewu ndiyo kudziwa zimene tikuzidyetsa.