Dada Masilo: Mtsikana wa ku Soweto Amene Anavina Ballet Wopanda Nsapato

Pa 29 Disembala 2024 dziko la South Africa linataya mmodzi mwa akatswiri ake a gule, Dada Masilo, yemwe anamwalira mu mzinda wa Johannesburg atadwala kwa nthawi yochepa. Anali ndi zaka 39 zokha. Pa nthawiyi n'kuti atavina kale m'mabwalo akuluakulu a zisudzo ku Ulaya ndi ku America. Chomwe chinam'tchukitsa ndicho kutenga nthano zakale za azungu n'kuziyankhulitsa za mavuto a anthu a kuno ku Africa.

Masilo anabadwa pa 21 Febuluwale 1985 ku Soweto, dera limene boma la tsankho linapatulira anthu akuda. Ali wamng'ono ankavina m'kagulu ka ana a m'dera lakwawo. M'zaka za m'ma 1990 anayamba kuphunzira ku Dance Factory, malo ophunzitsira magule omwe anali ku Newtown mu mzinda wa Johannesburg ndipo ankalandira ana ochokera m'madera osauka. Mtsogoleri wa malowa, Suzette Le Sueur, anaona luso la mtsikanayu ndipo anagwira naye ntchito kwa zaka zambiri. Kenaka Masilo anaphunzira ku National School of the Arts, ku Jazzart mu mzinda wa Cape Town, ndipo pambuyo pake analowa sukulu ya magule ya P.A.R.T.S. ku Brussels m'dziko la Belgium.

Gule amene anaphunzira mozama ndi ballet, yemwe anayambira m'nyumba za mafumu a ku Italy ndi ku France. M'gule ameneyu thupi limakhala njo, akazi amaima pa nsonga za zala zakuphazi atavala nsapato zapadera, ndipo ovina sayankhula. Magule ambiri a kuno kwathu amasiyana naye: mawondo amapindika, phazi limaponda nthaka mwamphamvu, chiuno chimagwedezeka, ndipo nyimbo ndi nthungululu sizisowa. Masilo sanasankhe mbali imodzi. Anaphatikiza zonse ziwiri, navina wopanda nsapato, mutu wometa mpala, mwaliwiro lodabwitsa.

Atabwerera kwawo, analandira mphoto ya Standard Bank Young Artist m'chaka cha 2008. Patatha zaka ziwiri anaonetsa Swan Lake pa chikondwerero cha zaluso cha ku Grahamstown, mzinda womwe tsopano umatchedwa Makhanda. Sewero lovinali, lomwe nyimbo zake anapeka Tchaikovsky, linaonetsedwa koyamba ku Moscow mu 1877. Masilo analisintha kukhala nkhani ya ukwati wokakamiza. Makolo amapereka malowolo, koma mtima wa mnyamatayo uli pa mwamuna mnzake, ndipo mtsikana wolowoledwayo ndiye amatsala m'manyazi. Seweroli linakhudzanso chisoni chimene mliri wa Edzi unabweretsa m'mabanja. Izi ndi nkhani zimene anthu ambiri amaopa kuzitchula poyera.

Sewero lina limene alimi angalimve bwino ndi Giselle, lomwe Masilo analikonza mu 2017. Nthano yake, yomwe inayamba kuonetsedwa ku Paris mu 1841, ndi ya mtsikana wa kumudzi amene amanyengedwa ndi mwamuna wolemera wodzibisa ngati mlimi, pomwe ali kale pa ubwenzi ndi mkazi wina. Mtsikanayo amamwalira ndi chisoni, koma mzimu wake umakhululukira mwamunayo n'kum'pulumutsa. Masilo anaikana mfundo imeneyi. Anaisamutsira nkhaniyi kumudzi wa ku South Africa, mfumukazi ya mizimu anaisandutsa sing'anga wonyamula litchowa, ndipo mwamuna wachinyengoyo salandira chikhululukiro. Funso lomwe seweroli limasiyira oonera ndi lodziwika m'midzi yambiri: n'chifukwa chiyani mtsikana wolakwiridwa ndiye amasenza manyazi, kenaka n'kuuzidwanso kuti akhululuke?

Luso lake silinathere pa bwalo la zisudzo. Anagwira ntchito ndi katswiri wojambula William Kentridge, ndipo amaoneka akuvina m'makanema ake monga The Refusal of Time, yemwe anaonetsedwa ku Kassel m'dziko la Germany mu 2012, komanso More Sweetly Play the Dance wa mu 2015. Kudzera m'makanemawa, anthu amene sanamuonepo maso ndi maso akutha kuonabe mavinidwe ake.

Ngakhale anali wotchuka chotere, Masilo anabwerera kukakhala wophunzira. Pokonza sewero la The Sacrifice, iye ndi gulu lake anaphunzira gule wa Atswana, mtundu wa makolo ake, chifukwa sanakule akumuvina. Anaona kuti gule wa kumudzi ali ndi malamulo ake ndi aphunzitsi ake, ndipo amafuna khama ngati ballet yemwe. Miyezi itatu asanamwalire analandira mphoto ya Léonide Massine ku Positano m'dziko la Italy, yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse.

Kwa alangizi ndi onse ogwira ntchito m'midzi, mbiri imeneyi ili ndi phunziro. Kawirikawiri magulu a achinyamata ovina amaitanidwa pa misonkhano ya chitukuko kuti asangalatse alendo ndi kusonkhanitsa anthu, kenaka amaiwalika. Masilo anaonetsa kuti gule angathe kunyamula yekha nkhani yovuta, ndiponso kuti angakhale ntchito yodyetsa munthu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Chomwe mtsikana wa ku Soweto anapeza poyamba sichinali chuma, koma malo ophunzirira, mphunzitsi wokhazikika ndi nthawi yoyeserera. Zinthu zitatuzi mudzi kapena bungwe laling'ono lingathe kuzipereka kwa ana ake.