Dzina Lalifupi la Mwana Wamkazi ku Chipera

Ku Chipera, m'boma la Maravia lomwe limachita malire ndi Zambia, dzina la mwana wamkazi limatchulidwa m'Chinyanja pakhomo, koma kusukulu ndi kuofesi yolembetsa ana limawerengedwa m'Chipwitikizi, chilankhulo cha boma la Mozambique, ndipo vuto la katchulidwe limayambira pamenepa. Popeza m'Chinyanja pafupifupi phatikizo lililonse, ndiko kuti chigawo cha liwu chotchulidwa nthawi imodzi, limathera ndi lembo la liwu monga a kapena i, mayina ngati Inês amatalika n'kukhala Inesi, pamene Rita amamveka Lita chifukwa r ndi l sizisiyanitsa matanthauzo. Kusintha kotereku n'kosadetsa nkhawa.

Mayina achinyanja ndiwo amavutika kwambiri. Mlembi wozolowera Chipwitikizi amataya mpweya wotsatira t mu Thoko, ndipo ch wa mu Chiko amamuwerenga ngati sh, moti dzina lamaphatikizo awiri okha limasintha theka lathunthu. Makolo ofuna dzina lalifupi lomveka mofanana ku Fingoé, m'boma la Maravia lomweli, ndi ku Katete, m'dziko la Zambia, angachite bwino kuganizira mayina onga Tadala kapena Dalo, omwe alibe zilembo zosokonezazi.