Mpira wa Gofu Ukafika Pafupi ndi Dzenje

Anyamata ambiri akaona gofu atengeka mtima ndi munthu womenya mpira kuti uuluke ngati mwala wa pa legeni. Koma ine ndifuna kunena za kamenyedwe kena, kamene mpira suchoka pansi konse, ungogubuduzika pa udzu wometedwa bwino wozungulira dzenje. Malo amenewa eni masewerawa awatcha green, ndipo ndodo yake ndiyo putter. Bwalo lathunthu lili ndi maenje 18, ndipo katswiri amuwerengera kumenya kawiri pa green iliyonse. Ndiko kuti 36, theka lenileni la 72 amene mabwalo ambiri awerengera ulendo wonse. Tsono mpira wophonya pa mapazi atatu uwerengedwa chimodzimodzi ndi uja wouluka mayadi 250.

Dzenjelo n'laling'ono, m'mimba mwake mainchesi 4¼ okha, muyeso umene anaukhazikitsa ku St Andrews, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1891. Chifukwa cha ichi ophunzira ayesa kuti chachikulu ndicho kulunjika. Ine pa tchuthi ndimanyamulira anthu ndodo zawo, ndipo ndaona kuti amene amenya katatu pa green kawirikawiri sanalakwe njira ai, alakwa mphamvu. Mpira woyamba uima usanafike, kapena upitirira patali, ndipo wachiwiri ukhala wovuta ngati woyamba yemwe. Ndiponso mpira waliwiro ungathe kulumpha dzenje ngakhale wadzera pakati penipeni, pamene woyenda pang'onopang'ono ugweramo ngakhale wangokhudza m'mphepete.

Mphamvu yoyenera sichokera pa mfundo za manja. Weramani pang'ono, maso akhale pamwamba pa mpira, ndipo mapewa ndiwo ayendetse ndodo uku ndi uku, monga chitsulo chija cholendewera pa koloko ya pakhoma. Pofuna kuti mpira upite patali musaukanthe mwaukali. Ingobwezani ndodo m'mbuyo motalikirapo, liwiro la manja likhale lomwelo. Mutu usadzuke kufikira mpira utapita. Ichi n'chovuta zedi, pakuti mtima ufulumira kufuna kuona.

Kenaka pali nthaka. Pokwera mtunda mpira umenyedwa molimba, motero sukhota kwambiri. Potsika uyenda wokha, ndipo kupendekeka kwa nthaka kuukokera kumbali, makamaka pamene watopa pafupi ndi dzenje. Mame a m'mawa nawonso achepetsa liwiro lake. M'maiko otentha green zambiri n'za udzu wa mtundu wa kapinga, umene ugonera mbali imodzi ngati ubweya wa mbuzi. Mukaima kumbuyo kwa mpira nimuona udzu ukuwala, dziwani kuti wagonera kumene mupitako ndipo mpira udzathamanga; ukaoneka wakuda, mulimbana nawo, onjezani mphamvu. Bobby Locke wa ku South Africa, amene anapambana mpikisano wa Open Championship mu 1949, 1950, 1952 ndi 1957, anthu amukumbukira makamaka chifukwa cha luso limeneli. Iye sankafulumira pa green, ankayamba wayang'anitsitsa udzu wa pakamwa pa dzenje asanagwire ntchito yake.

Mwina wina adzati, "Nanga ife tilibe bwalo la gofu pano, tiphunzira bwanji?" Bulangeti loyalidwa bwino pansi likwanira, aphunzitsi oyang'anira nyumba yogona akalola. Poyamba musaike kapu kapena chandamale chilichonse. Ikani nsapato zitatu m'mbali mwa bulangetilo, ina pafupi, ina pakati, ina kumapeto, ndipo yesani kuimika mpira pafupi ndi iliyonse, mosinthasintha, kuti manja asazolowere mtunda umodzi. Mukatha kuchita ichi kakhumi mosalakwa, pamenepo gonekani kapu chammbali kuti ikhale dzenje. Koma mpira uzilowa mwakachetechete. Ukagunda pansi pa kapu n'kubwerera kwa inu, umenewo musauwerenge.